Kofiya Imene Inatsala Pampando

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira ku Chitala, ndinadwala chikuku, ndinachira, ndinathawa sukulu aphunzitsi asanandithawe, basi. Tiyambire pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ndikudziwa kuti powerenga izi muzitsinana n'kumati, "Ayambatu a Kokomeza." Dzina limenelo anandipatsa ndi anthu a kunyanja ndili mnyamata, ndipo sindinalikane, chifukwa ine nkhani yowonda imandimvetsa chisoni, ndimaidyetsako pang'ono. Koma muno muli nkhani imodzi imene sindinaidyetse kalikonse. Mukafika pamenepo mudzaizindikira, ndipo mboni yake ili m'sutikesi ya pansi pa bedi.

1946: Pa siteshoni ya Salima

Ntchito yoyamba ndinaipeza ndi pakamwa. Ndinali pa siteshoni, ndikuuza anthu odikira sitima kuti ndinaona ng'ona itameza njinga, mwini wake n'kumapalasabe m'mimbamo. Anthu ali m'kati moseka, bambo wina wa chipewa cha ku Joni anandikodola.

"Iwe, pakamwa pakopo pamatseka nthawi yanji?"

"Ndikagona, bambo. Koma amayi amati ngakhale pamenepo pamatulukabe zina."

"Ndikufuna munthu wondikokera anthu. Ine ndimajambula, koma kuyankhula ndinakusiya kumgodi."

Amenewo ndiwo a Lufeyo, bwana wanga woyamba. Anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi kamera. Ndikati kamera musaganize timabokosi topachika m'khosi ta masiku ano. Linali bokosi lathabwa loti mwana wa mbuzi n'kugonamo, loima pa miyendo itatu, kutsogolo diso lagalasi lokhala ndi chivindikiro, kumbuyo mkono wa jekete yakuda wosokereredwa pabowo. M'kati munali timbale tiwiri ta mankhwala. Munthu amakhala pampando, iwe n'kupisa dzanja mumkono muja, kuika pepala, kuvundukula diso, kuwerenga chamumtima, kutseka, kenako kusambitsa pepalalo m'timbale osaona, dzanja lokha likugwira ntchito mumdima ngati la mzamba. Chithunzi choyamba kutuluka chinkakhala chotembenuka: nkhope yakuda imayera mbee, malaya oyera amada bii. Chimenechi tinkachitcha chamzukwa. Kuti upeze chithunzi chenicheni, umamata chamzukwacho pa kathabwa kutsogolo kwa diso n'kuchijambulanso, ndiye kuti munthu mmodzi amadya mapepala awiri. Anthu ambiri sankafuna n'kuchiona komwe chamzukwa chawo. Mayi wina atachiona chake anathawa n'kusiya dengu, mwana ndi nkhuku. Chabwino, nkhukuyo ndawonjezera.

Malamulo a a Lufeyo anali awiri. Loyamba: dzuwa likhale kumsana kwako, ngakhale wojambulidwayo atakhala bishopu wofuna mthunzi. Lachiwiri: zithunzi zotuluka bwino uzimate m'mbali mwa bokosi kuti odutsa aziona, chifukwa bokosi limadzitsatsa lokha. Nkhondo inali itangotha kumene, ndipo pepala linkasowa kuposa shuga. Tinkadula pepala limodzi tizidutswa ting'onoting'ono, moti anyamata opita ku Joni ankalandira zithunzi za pachiphaso makutu atatsala kunja. Mankhwala akayamba kutha mphamvu tinkathiramo madzi ndi pemphero. Chaka chisanathe a Lufeyo anali atasiya kupisa dzanja m'bokosi. Ankangokhala pa benchi kumatsokomola, ine ndikukoka anthu, kujambula, ndi kuwauza kuti atuluka okongola kuposa mmene Mulungu anawalengera.

1950: Ku Senga Bay

Njala yaikulu ija ya 1949 itadutsa, a Lufeyo anakhometsa bokosi lachiwiri kwa kalipentala, kulemba dzina lawo m'mbali, n'kunditumiza kunyanja. Kumeneko bwana ndinali ine, wantchito ine, wonyamula katundu inenso. Ndi kumene ndinapeza amayi anu akuyanika usipa pathandala. Ndinawauza kuti kwathu ku Chitala tili ndi ng'ombe zodzaza dambo. Anandilola, ati chifukwa munthu wonama chonchi sangasowe chonena nthawi ya njala.

Ntchito yeniyeni inkachokera kuboma. A Lufeyo anali atapangana nawo kuti ife tizijambula ziphaso ndi zochitika zawo: mlatho watsopano, ng'ombe yopambana pachionetsero, ana a sukulu ataima pamzere. Zotuluka bwino ankazitumiza kulikulu kuti zikalowe m'nyuzi zawo. Phindu lathu pamenepo linali pepala, chifukwa linkabwera pa sitima m'dzina la boma, ife n'kumagawiridwako. Wopanda boma analibe pepala, ndipo wopanda pepala anali ndi khola la nkhuku la miyendo itatu. Nthawi imeneyo ndinajambulaponso anthu akusankha owaimira kukhonsolo ya m'dera lathu. Ofuna mpando ankaima poyera, anthu n'kundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Mzere wina unatalika moti wakumapeto anali m'madzi mpaka m'chiuno. Sipanapite zaka zambiri, a kuboma anati mizere imabweretsa phokoso, ndipo mayina anayamba kubwera atasankhidwa kale kuofesi. Chithunzi cha zimenezo ndilibe. Sungajambule mzere umene kulibe.

Khoti la m'dera lathu linkakhala pansi pa mlambe waukulu, pakati pa msewu ndi nyanja. Mfumu yaikulu inali itakalamba kwambiri, ndiye milandu inkaweruzidwa ndi nduna zake zitatu, mkulu wawo Che Bwanali. Anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, wokonda nzimbe ngakhale mano anali atatsala owerengeka. Ine anandiweruzapo kamodzi, nditauza anthu kuti bwato la munthu wina limayenda lokha mwini wake akagona. Anandilamula kuti ndizikapa madzi m'bwatolo kwa sabata, n'kunena kuti, "Likayamba kuyenda, Kokomeza, udzatiitane tikwere nawo." Munthu ankatha kuluza mlandu pamaso pawo n'kubwerera kwawo akuseka, koma ankadziwa kuti waluza chifukwa cholakwa, osati chifukwa mnzake anafika kunyumba kwa woweruza usiku wake.

Bwalo limenelo linali ndi mwambo wake, ndipo muumvetse chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mboni zikatha kuyankhula, akuluakulu atatuwo ankavula makofiya awo, aliyense kusiya yake pampando wake, n'kuzungulira kuseri kwa mlambe kukachita upo. Kofiya ikakhala pampando ndiye kuti mlandu uli m'kati: palibe wochoka, palibe wokhudza mpandowo, ndipo kuseri kwa mtengo sikupita munthu, ngakhale mfumu yeniyeniyo. Akabwerako ankavala makofiya, mkulu n'kunena chigamulo. Kuvala kofiya ndiko kunali kutseka mlandu.

1953: Mlandu wa khoka

Chimenechi ndi chaka cha Chitaganya, pamene azungu ankalumikiza dziko lathu ndi la Rodeshiya anthu akukana. Misonkhano yopanda chilolezo inaletsedwa. Ndiye panali msodzi wina, Saidi, amene khoka lake linang'ambika pamiyala. Khoka sasoka munthu mmodzi. Anaitana anzake, anakhala pamchenga kuzungulira ukondewo, aliyense ndi chosokera chake. Amuna akakhala pamodzi manja ali pa ntchito, pakamwa sipagona, ndipo chaka chimenecho nkhani inali imodzi paliponse. Wina anakanena kuboma kuti Saidi wachititsa msonkhano wokana Chitaganya. Anamugwira.

Tsiku la mlandu kunabwera bwana wamng'ono wa kuboma, mnyamata wofiira amene tinkamutcha Chipsamphuno chifukwa dzuwa la kunyanja linkamusenda mphuno mwezi ndi mwezi. Ankayenda ndi kandodo kakafupi m'khwapa ndi womasulira kumbuyo. Womasulirayo anandiitana.

"Bwana akuti ujambule khoti likuweruza. Chithunzicho chipita kulikulu, anthu akutali akaone kuti anthu akuda akuweruzana okha, boma silikuikapo dzanja."

"Auzeni bwana kuti nditulutsa chithunzi choti ngakhale Mfumukazi ichipachika kuchipinda kwake."

Anamasulira mawu awiri okha. Kenako anandilozera kuti ndiime kutsogolo kwa mipando pamodzi ndi anthu. Ndinati ayi, dzuwa. Unali m'mawa, dzuwa likuchokera kunyanja, ndiye ndinakazika bokosi langa cha kumchenga, chammbali mwa mlambe. Kuchokera pamenepo diso linkaona mipando mbali imodzi, thunthu pakati, ndi kuseri kwa mtengo mbali inayo. Sindinachite dala. Ndinkangotsata lamulo la a Lufeyo.

Mlandu unayamba. Ndinajambula chithunzi chimene anandituma, akuluakulu atakhala mwaulemu, Saidi ali pansi. Mboni ya boma inali wapolisi amene anamugwira, ndipo Che Bwanali anamufunsa mofatsa ngati akufunsa mtengo wa nzimbe.

"Mwana wanga, anthuwa unawapeza ali ndi chiyani m'manja?"

"Zosokera ukonde."

"Mbendera inalipo?"

"Ayi."

"Wina anaimirira kumayankhula, enawo n'kumaomba m'manja?"

"Ayi, onse anali chikhalire. Koma ankanena za Chitaganya."

"Ine ndi akunyumba tinanena za Chitaganya dzulo tikudya. Kodi tikatenge chilolezo cha anthu awiri, kapena mphaka timuwerengerenso?"

Bwalo lonse linaseka, ngakhale wapolisiyo anaphimba pakamwa. Chipsamphuno atamasuliridwa sanaseke. Akuluakulu aja anavula makofiya, kuwasiya pamipando, n'kuzungulira kuseri. Ine ndinali nditaika kale pepala lina m'bokosi, kudikira kuti ndijambule chigamulo. Ndiye ndinaona bwana uja akunyamuka pamene anatsamira pa galimoto yake. Sanadutse pakati pa anthu; anazungulira cha kumsewu, womasulira ali pambuyo. Anthu okhala kutsogolo ankaganiza kuti wapita kukataya madzi, chifukwa thunthu la mlambe umenewo linkabisa chilichonse. Amene ndinkaona mbali zonse ziwiri ndinali ine ndekha. Anafika pamene akuluakulu anaima, n'kuika nsonga ya kandodo kake pachifuwa pa Che Bwanali. Mphepo inandibweretsera mawu a womasulira: "Bwana akuti mukamumasula munthu uyu, mipando yanu mawa ikhala ya ena."

M'ntchito yathu chimene timapempha tsiku lililonse n'choti anthu asagwedezeke. Bwana uja ndi akuluakulu atatuwo anaima njo, kuposa munthu aliyense amene ndinamujambulapo. Dzanja langa linavundukula diso lokha. Mutu unabwera pambuyo, ndipo utafika unapeza diso latsekedwa kale.

Atabwerera kubwalo, akuluakulu awiri anatola makofiya awo n'kuvala, maso ali pansi. Mmodzi wa iwo ndi amene ananena chigamulo: Saidi ndi wolakwa, apite kundende miyezi isanu ndi umodzi. Che Bwanali anaima kumbuyo kwa mpando wawo wapakati, kofiya osaikhudza. Anangoti, "Ine sindinamalize," n'kuuyamba ulendo wa kwawo mutu uli pamtunda. Mwamuna wachisilamu wa msinkhu umenewo kuyenda wopanda kofiya pakati pa anthu, zinali ngati wayenda wopanda malaya.

Sabata isanathe anali atachotsedwa pa udindo. Koma kuwachotsa kokha sikunakwanire, chifukwa anthu akanafunsa. Ndiye kunatuluka mawu kuchokera kuboma, akuti Che Bwanali analandira dengu la chambo kwa abale a Saidi kuti amumasule, anzawo awiri aja anakana, n'chifukwa chake ananyanyala. Awiriwo sanatsutse. Bodza limenelo linayenda bwino kuposa anga onse. Anthu amene analuzapo milandu kale anayamba kunena kuti, "N'chifukwa chake!" Ana ankawaimba nyimbo ya chambo akamadutsa. Kumzikiti amuna ankasiya mpata mbali zonse ziwiri pamene iwo aima. Munthu amene anaweruza dera lonse zaka zambirimbiri anali kusanduka wakuba pamaso pa adzukulu ake.

Ine ndinafotokoza zimene ndinaona, kudoko, kumsika, paliponse. Mukudziwa chimene anandiyankha? "Eee, Kokomeza! Ndodoyo inali yaitali bwanji? Inafika kutsidya kwa nyanja?" Wina anati, "Ng'ona ya njinga ija inaliponso kuseriko?" Ndikalumbira ankasekeratu mpaka kugwa. Pakamwa panga panali pabwino pa zonse kupatula zoona.

Koma chamzukwa chinali chitatuluka bwino kwambiri. Ndinachijambulanso, chenicheni n'kutuluka: mipando itatu, makofiya atatu, thunthu la mlambe, ndipo kuseri kwake bwana ndi kandodo kake pachifuwa pa nkhalamba. Womasulira yekha ndiye anatuluka wopanda mutu, chifukwa ankagwedezera bwana wake osapuma. Ndinakwera lole kupita nacho ku Salima. A Lufeyo anachiyang'ana nthawi yaitali, anatsokomola, n'kuchiyang'ananso.

"Dzuwa unaliika bwino," anatero. "Tsopano ng'amba."

"Bambo, munthu uja akutha."

"Ndipo iwe sukutha? Akatimana pepala, tidya bokosi? Ine ndatsala pang'ono, za ine zisiye. Iwe uli ndi mkazi woyembekezera."

"Mawu anga sakuwamva. Ichi chokha n'chimene angamve."

"Ukuganiza kuti chithunzi chimatsegula ndende? Ku Joni ndinaona anthu akujambulidwa akumenyedwa, chithunzi n'kutuluka bwino, kumenyako n'kupitirira."

Ndinabwezera chithunzicho m'thumba osaching'amba, ndipo iwo anandiyang'ana ngati ndadwala. Potsiriza anati, "Bokosilo ndinakupatsa, ndi lako. Koma ukafufute dzina langa m'mbalimo usanachite misala yakoyo."

Kunyumba amayi anu anamva zonse akusankha utaka. Anati, "Mwakhala mukunama zaka zonsezi anthu n'kumakupatsani nsomba. Lero mwapeza choona chimodzi, mukufuna kutigoneka nacho ndi njala." Analowa m'nyumba, ine n'kumaganiza kuti akukamanga katundu. Anatuluka ndi kachitini ka phala la chinangwa, lija tinkamatira zithunzi, n'kukaika patsogolo panga. "Mumate bwino," anatero, "kunyanja kuno mphepo ndi yambiri."

Lachisanu ndinapala dzina la a Lufeyo ndi mpeni, n'kukazika bokosi panjira yochokera kumzikiti. Chithunzicho ndinachimata pakati pa zinzake, kumtunda ukwati, kumunsi ng'ombe ya pachionetsero ija. Swala, pemphero lawo lija, itatha amuna anayamba kudutsa, ndipo monga mwa masiku onse ena anaima kuti aone amene wajambulidwa sabata imeneyo. Ine ndinakhala pamwala, pakamwa nditatseka. Woyamba kuchizindikira anali mkulu wina wosoka matanga. Anayandikira mpaka mphuno kugunda pepala, n'kubwerera m'mbuyo.

"Astaghafirullah! Makofiya ali pampando, munthu ali kuseri kwa mlambe?"

Anthu anaunjikana. Chimene chinawakhudza sichinali kandodo kwenikweni. Azungu kuloza anthu ndi ndodo tinali titazolowera. Chinali choti wina anapita kuseri makofiya ali pampando. Ankaloza ndi zala, kuwerenga makofiya, kutchula mayina a akuluakulu. Amayi anasiya nsomba pathandala kubwera kudzaona. Mnyamata wina anati, "Kokomeza, tiuze mmene zinakhalira." Ndinati, "Funsani bokosi." Mmodzi wa akuluakulu awiri aja anafika naye, anthu n'kumupatsa njira. Anayang'ana kamodzi, anadziona, n'kuchoka ataphimba nkhope ndi mpango. Palibe anamunyoza, koma palibenso anamufunsa za dengu la chambo, chifukwa yankho linali litaoneka.

Lolemba kunabwera Sajeni Matope ndi apolisi awiri. Anamatula chithunzicho, n'kundiuza kuti ntchito ya boma yatha, pepala sindidzalionanso, ndipo alamulidwa kuti afufuze m'nyumba ngati muli china. Anagubuduza mphasa, anapisa m'mitsuko, mpaka anapeza chitini chimene ndinkasungiramo zamzukwa. Anachitulutsa cha kumlambe chija. Mudziwe kuti Sajeni ameneyu ndinamujambulapo pa ukwati wake, ndipo chamzukwa chake anachitenga, ati chifukwa m'menemo anatuluka mzungu ndipo akufuna akazi ake azimuopa. Ndiye ankadziwa bwino lomwe chimene wagwira. Ine ndinayesa kupeka bodza, koma tsiku limenelo m'nkhokwe munalibe kanthu. Sajeni anaitana wapolisi wamng'ono.

"Iwe, ukuona chiyani apa?"

"Munthu wakuda akuloza azungu atatu ndi ndodo, Sajeni."

"Zoterezi zinachitikapo m'dziko muno?"

"Ayi, Sajeni."

"Ndiye ndi bodza linanso la Kokomeza. Bwana watituma zithunzi, sanatitume mabodza." Anachibwezera m'chitini, n'kutseka yekha chivindikiro. Potuluka sanandiyang'ane.

A Lufeyo sananame. Chithunzi sichinatsegule ndende. Saidi anakhala miyezi yake yonse. Che Bwanali sanabwezeredwe pampando. Ine ndinakhala zaka ndithu wopanda pepala, ndikuthandiza amayi anu kuyanika nsomba ndi kukazigulitsa ku Salima panjinga, ndipo bokosi lija iwo anaikamo nkhuku zoikira mazira, monga ndinkanenera mwanthabwala. Iwe woyamba kubadwa unakula ndi mazira a m'kamera, n'chifukwa chake umatuluka bwino pazithunzi. A Lufeyo anapitiriza ntchito yawo pa siteshoni mpaka chifuwa chinawatenga, sanandidzudzule, sanandiyamikire. Chimene chinasintha n'chakuti nyimbo ya chambo inatha, ndipo kumzikiti mpata uja unatsekeka, amuna n'kumaimanso phewa ndi phewa ndi Che Bwanali.

Kubwalo kuja boma linaika munthu wake watsopano. Atafika tsiku loyamba anapeza kofiya ili pampando wapakati. Anauza mesenjala wa khoti kuti aichotse. Mesenjala anati, "Pepani bambo, mlandu uli m'kati, ine ndili ndi ana." Woweruza watsopanoyo anatambasula yekha dzanja, n'kuona mmene anthu akumuyang'anira, dzanjalo n'kukathera pokanda khutu. Mawa lake anabwera ndi mpando wa kunyumba kwake. Kuyambira pamenepo mesenjala ankatulutsa mipando inayi, wina uli ndi kofiya pamwamba, ataunyamula mosamala ngati mphika wodzaza, khoti likatha n'kuubwezera m'nyumba chimodzimodzi. Oweruza atatu, mipando inayi. Alendo akafunsa ankauzidwa kuti mwini wake watuluka pang'ono. Milandu inkaweruzidwabe, koma ikakhala yokhudza boma, anthu sankayang'ananso mipando. Ankayang'ana kumsewu ngati kwaima galimoto.

1958: Pepala libweranso

Chaka chimenechi sitolo ina ya amwenye ku Salima inayamba kugulitsa pepala ndi mankhwala kwa aliyense. Ndinathamangitsa nkhuku, kutsuka bokosi, kumata mabowo a chiswe, n'kuyambiranso. Chipsamphuno anali atasamutsidwa kalekale kukapsa mphuno kwina. Tsiku lina m'mawa ndinaona nkhalamba ikubwera pang'onopang'ono ndi ndodo, itavala mkanjo woyera wochapidwa bwino, mutu uli pamtunda. Anali Che Bwanali. Chithunzi chija iwo sanabwere kudzachiona Lachisanu lija, ndipo chiyambire sitinayankhulanepo za icho.

"Kokomeza, bwato lija linayamba kuyenda?"

"Linayenda, Che Bwanali, koma munali mutagona, sindinafune kukudzutsani."

"Ndijambule. Adzukulu akuti akufuna chotsala nacho."

Ndinawakhazika pampando, dzuwa kumsana kwanga. Dazi lawo linkanyezimira moti ndinaopa kuti litentha pepala. Ndinati, "Ndikubwerekereni kofiya kwa aneba? Chithunzi cha mkulu ngati inu chopanda kofiya, anthu adzati wojambula anali woledzera."

"Kofiya ndili nayo. Ili pa ntchito."

"Koma mlandu uja unatha kale. Saidi anatuluka, anagula khoka lina, wakwatiranso kachiwiri."

"Anautseka ndani? Ine sindinavale." Anakonza mkanjo pamaondo, n'kuwongola khosi. "Jambula, mwana iwe, dzuwa likukwera. Ndipo usandikokomeze."

Sindinawakokomeze. Anatuluka mmene analili, wamfupi, wadazi, akuseka ndi dzino limodzi. Chithunzi chimenecho chili m'sutikesi muja, pamodzi ndi chamzukwa chimene Sajeni anachitcha bodza. Mukachitulutsa chamzukwacho musasokonezeke: wakudayo ndiye mzungu, oyerawo ndiwo akuluakulu athu. Mukatha kuseka womasulira wopanda mutu, muyang'ane pamipando. Makofiya alipo atatu, akuda bii chifukwa anali oyera. Yapakatiyo, mwini wake tinakamuika m'manda asanaivale.